Wochiza Nayenso Afuna Chithandizo: Za Antchito Osamala Anthu Ogwidwa ndi Mowa ndi Chamba

Pa chipatala chilichonse chaching'ono cha kumudzi pali matenda amene amalembedwa m'kaundula tsiku ndi tsiku, monga malungo, chibayo, kutsekula m'mimba ndi chifuwa chachikulu. Koma pali nthenda ina imene kawirikawiri silembedwa ndi dzina lake lenileni, ngakhale kuti imafika pakhomo pa chipatala sabata iliyonse. Imabwera ngati bala la chikwanje pamutu pa mwamuna amene wamenyana ndi mnzake ku mowa. Imabwera ngati mwana wonyentchera amene chimanga cha kwawo chinagulitsidwa nkhokwe isanafike pakati. Imabweranso ngati mnyamata womangidwa ndi zingwe amene abale ake amutengera pa ngolo atasokonezeka mutu ndi chamba. Nthenda imeneyi ndiyo kugwidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo amene amakumana nayo maso ndi maso ndi antchito owerengeka a pa chipatalacho.

Nkhani zambiri za mowa ndi chamba zimakamba za womwa ndi wosuta, ndipo ndi bwino kutero. Komatu kuchira kwa munthu wotere kumadaliranso wantchito amene wamulandira. Wantchitoyo ayenera kukhala wophunzitsidwa, ayenera kukhala ndi mankhwala m'kabati, ayenera kukhala ndi wamkulu womufunsa nzeru zinthu zikathina, ndiponso iye mwini asakhale wotopa mpaka kutaya mtima. Zimenezi zikasowa, wantchito amangomanga bala ndi kupereka mapiritsi a mutu, wodwala nabwerera kwawo ndi nthenda yake yonse.

KUKULA KWA VUTOLI

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi la WHO linalengeza mu 2024 kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 2.6 miliyoni anamwalira chifukwa cha mowa, ndipo mwa iwo 2 miliyoni anali amuna. Kuno ku Malaŵi, kafukufuku wotchedwa STEPS, amene anachitika mu 2009 pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64, anapeza kuti amuna pafupifupi 30 mwa 100 alionse ankamwa mowa, pamene akazi anali 4 mwa 100. Chodetsa nkhawa kwambiri chinali chakuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa asanu alionse ankamwa mopyola muyeso pa nthawi imodzi.

Mowa wambiri umawononga chiwindi, umakweza kuthamanga kwa magazi, umathandiza kuyambitsa khansa ya kummero, ndipo umavulaza bongo wa mwana amene ali m'mimba mwa mayi wake. Munthu womwa kwambiri amadwala chifuwa chachikulu mosavuta, pafupifupi katatu kuposa wosamwa, ndipo akayamba kulandira mankhwala a chifuwacho kapena ma ARV amaiwala kumwa pa nthawi yake. Kachasu ali ndi vuto lina lakuti mphamvu yake siyezedwa, kotero womwa sadziwa kuchuluka kwa zimene walowetsa m'thupi. Chamba nacho chimasokoneza maganizo, makamaka kwa amene ayamba kusuta ali ana asukulu. Palinso anthu amene amamwa mankhwala a kuchipatala mosayenera, monga mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, mapiritsi a tramadol ndi a diazepam, pofuna kuledzera nawo.

Boma lachitapo kanthu kumbali ya malamulo. Mu 2015 linaletsa mowa wa m'masacheti, umene ana ankaugula ndi ndalama zochepa n'kuubisa m'thumba la yunifolomu. Mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti anthu okhala ndi chilolezo azilima chamba chopangira mankhwala ndi katundu wa m'mafakitale, koma lamulolo silinaloleze kusuta. Malamulo onsewa amateteza amene sanayambe. Amene wagwidwa kale amafuna munthu wodziwa kuchiza, ndipo munthu ameneyo ayenera kupezeka kufupi ndi kwawo.

ANTCHITO AKE NDANI?

Kalembera wa mu 2018 anasonyeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumidzi. Koma zipatala zodziwa bwino matenda a maganizo ndi a uchidakwa zili m'mizinda. Chachikulu cha boma ndi Zomba Mental Hospital, chimene chinamangidwa mu 1953. Kumpoto kuli chipatala cha St John of God ku Mzuzu, chimene chinayamba ntchito m'zaka za m'ma 1990 ndipo pambuyo pake chinatsegula nthambi ku Lilongwe. Madokotala akuluakulu a matenda a maganizo ndi owerengeka m'dziko lonse. Munthu wa ku Nsanje, ku Chitipa kapena ku Mchinji sangayembekezere kuonana nawo nthenda ikangoyamba.

Motero ntchito yaikulu imagwera anthu ena. Woyamba ndi dokotala wa pa chipatala chaching'ono, amene amaona odwala onse a tsikulo yekha. Wachiwiri ndi namwino, amene amasamala sikelo ya amayi oyembekezera, kubereketsa, ndi kudzuka usiku kukabwera wovulala. Pali aphungu oyeza magazi, amene amamva zinsinsi zambiri za anthu. Pa chipatala cha paboma pamakhala namwino kapena dokotala amene anaphunzira za matenda a maganizo, ndipo ndiye amayenera kuyendera zipatala zing'onozing'ono. Palinso a ofesi yosamalira anthu, amene amaona za ana ndi mabanja osweka. Kenaka pali mlangizi wa zaumoyo, amene ambiri amamutchula kuti HSA.

Mlangizi wa zaumoyo ndiye ali pafupi kwambiri ndi anthu. Ntchito yake inayamba ndi anthu otemera nthomba m'zaka za m'ma 1960 ndi othandiza kulimbana ndi kolera m'zaka za m'ma 1970. Cholinga cha boma ndi chakuti mlangizi mmodzi azisamala anthu 1,000, koma m'madera ambiri mmodzi amasamala oposa pamenepo. Kwa zaka zambiri maphunziro ake oyamba anali a masabata osapitirira 12, ndipo mbali yaikulu inali ya katemera, ukhondo, madzi abwino, zimbudzi ndi matenda a ana. Komabe ndi iyeyo amene amadziwa khomo limene kumaphikidwa kachasu, mayi amene amabwera ku sikelo ndi diso lotupa, ndi mnyamata amene wasiya sukulu n'kuyamba kuyankhula yekha. Amaona nthenda isanafike ku chipatala, ndipo akapanda kuphunzitsidwa chochita amangoiona n'kupitirira.

ZIMENE WANTCHITO AYENERA KUDZIWA

Luso loyamba ndi kufunsa. Odwala ambiri sanena okha za mowa chifukwa cha manyazi, ndipo antchito ambiri safunsa poopa kukhumudwitsa munthu wamkulu. Pofuna kuthandiza pa zimenezi, mu 1989 bungwe la WHO linatulutsa mafunso khumi otchedwa AUDIT. Mafunsowa amafufuza kuti munthu amamwa kangati, amamwa wochuluka bwanji, ngati amalephera kuleka akayamba, ngati amafuna kumwa m'mawa kuti thupi likhazikike, ndiponso ngati iye kapena wina anavulalapo chifukwa cha kumwa kwake. Mayankho amapatsidwa mapointi kuyambira 0 mpaka 40, ndipo munthu wopeza 8 kapena kuposerapo ndiye kuti kamwedwe kake kafika poopsa. Kufunsa konseku kumatha m'mphindi zochepa, ndipo sikufuna magetsi kapena makina.

Luso lachiwiri ndi kulangiza mosanyoza. Zaoneka m'maiko ambiri kuti malangizo a mphindi zisanu kapena khumi, operekedwa mwaulemu ndi wantchito wa zaumoyo, amachititsa anthu ena omwa mopyola muyeso kuchepetsa mowa asanafike pa uchidakwa weniweni. Wantchito wodziwa ntchito yake amamuuza wodwala zimene wapeza m'thupi mwake, namufunsa zimene iye mwini akuona kuti mowa wamuchita, nagwirizana naye chinthu chimodzi choti ayese asanabwerenso. Kukalipa ndi kuchititsa manyazi pagulu kumangothamangitsa wodwala, ndipo akathawa sabweranso mpaka atatupa mimba.

Luso lachitatu ndilo lopulumutsa moyo, ndipo aliyense wa kumudzi ayenera kulimva. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akaleka mwadzidzidzi, thupi lake limavutika. Pakapita maola 6 mpaka 24 amayamba kunjenjemera manja, kutuluka thukuta, kusanza ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyamba akhoza kukomoka ndi kuphupha ngati wakhunyu. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka kwambiri, amaona tizilombo kapena anthu amene palibe, thupi limatentha, ndipo akapanda kuthandizidwa akhoza kufa. Zimenezi zimachitika kawirikawiri kwa munthu amene wagonekedwa m'chipatala chifukwa cha nthenda ina, kapena watsekeredwa m'chitokosi cha polisi, kapena abale amutsekera m'nyumba kuti asiye mowa. Achibale ambiri akaona zotere amaganiza za ufiti. Wantchito wophunzitsidwa amazindikira msanga, napereka diazepam pa muyeso woyenera kwa masiku owerengeka, pamodzi ndi vitamini B1, wotchedwanso thiamine, amene amateteza bongo. Amadziwanso kuti munthu woledzera amene sakudzuka akhoza kukhala kuti shuga wamuthera m'magazi kapena wavulala m'mutu, ndipo sayenera kusiyidwa pakhonde kuti mowa umuthere.

Zonsezi zinalembedwa mwadongosolo m'buku la malangizo lotchedwa mhGAP, limene WHO inatulutsa mu 2010 ndi kulikonzanso mu 2016. Bukuli linalembedwera antchito amene si akatswiri a matenda a maganizo, ndipo lili ndi mutu wake wa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Likakhala pa tebulo la dokotala wa kumudzi, ndipo iye ataphunzitsidwa kagwiritsidwe ntchito kake, odwala ambiri amathandizidwa pomwepo osatumizidwa kutali.

KUMENE LUSO LIMAPHUNZIRIDWA

M'dziko muno muli malo angapo ophunzitsa ntchitoyi. Sukulu ya St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa madokotala ndi anamwino a matenda a maganizo, komanso aphungu. Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba kugwira ntchito mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, imaphunzitsa madokotala akuluakulu a matendawa. Ophunzira unamwino ndi udokotala m'makoleji ena amapita ku Zomba Mental Hospital kukaona odwala ndi maso awo asanamalize maphunziro. Mabungwe a Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi amafuna kuti antchito azionjezera maphunziro awo ali pa ntchito.

M'boma la Zomba, m'zaka zoyambirira za m'ma 2010, alangizi a zaumoyo anaphunzitsidwa kuzindikira ndi kuthandiza anthu ovutika maganizo m'midzi mwawo, ndipo zinaoneka kuti ntchitoyi angaithe. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mu 2006, imene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu olemedwa maganizo. Agogowo anathandiza anthu ambiri, koma sanasiyidwe okha. Anali ndi owayang'anira okumana nawo kawirikawiri, ndiponso anali ndi kotumiza wodwala amene nthenda yake yawakulira.

Phunziro lake ndi lakuti maphunziro a sabata imodzi m'holo ya paboma sakwanira paokha. Wantchito akabwerera ku chipatala chake, nakhala miyezi isanu ndi umodzi popanda womuyendera, zimene anaphunzira zimazilala. Chimene chimasunga luso ndi kuyenderedwa. Namwino wa matenda a maganizo wochokera paboma ayenera kufika pa tsiku lodziwika mwezi uliwonse, kuona odwala ovuta pamodzi ndi antchito a pamalopo, kuwerenga kaundula, ndi kukonza zolakwika mwaulemu. Masiku ano foni ya m'manja yafupikitsa mtunda, ndipo dokotala wa kumudzi akhoza kufunsa mnzake wa paboma usiku womwewo za muyeso wa mankhwala. Komabe foni imathandiza pokhapokha ngati pali munthu wosankhidwa woti ayankhe.

KATUNDU WOLEMERA

Ntchito yosamala anthu ogwidwa ndi mowa ndi chamba ndi yolemetsa mtima kuposa ntchito zambiri za pa chipatala. Wodwala malungo akalandira mankhwala amachira m'masiku atatu, nabwera kudzathokoza. Wodwala uchidakwa akhoza kuleka miyezi inayi, nabwereranso ku mowa pa tsiku la maliro, la ukwati kapena la malipiro a fodya. Wantchito amene sanauzidwe kuti kubwerera m'mbuyo ndi khalidwe la nthendayi amaganiza kuti walephera, kapena kuti wodwalayo ndi wosamva. Akatero amaumitsa mtima, ndipo wodwala wotsatira amalandiridwa ndi nkhope yokwinya.

Palinso mantha. Namwino wamkazi amene ali yekha usiku akhoza kulandira mwamuna woledzera wolusa, kapena mnyamata wosokonezeka amene wathyola zingwe. Chipatala chopanda mlonda, chopanda nyali panja, ndiponso chotalikirana ndi polisi chimaika wantchito wotere pangozi. Wantchito wa kumudzi amakhalanso pakati pa anthu omwewo amene amawachiza. Wophika kachasu akhoza kukhala mwini nyumba imene iye amachita lendi, ndipo womwa akhoza kukhala mkulu wa mpingo wake kapena mbale wa mfumu. Kunena zoona pamalo otere kumafuna kulimba mtima, ndiponso kumafuna kudziwa kuti akuluakulu a ntchito adzaima naye.

Mu 2019 bungwe la WHO linavomereza kuti kutopa kwa mtima kobwera ndi ntchito yolemetsa kwa nthawi yaitali ndi vuto lenileni la pa ntchito. Zizindikiro zake ndi kutheratu mphamvu, kuyamba kuipidwa ndi ntchito ndi anthu amene ukuwatumikira, ndi kuchepa kwa zimene umakwanitsa. Si chinsinsi kuti antchito a zaumoyo ena, pokhala kutali ndi mabanja awo ndiponso pokhala ndi makiyi a kabati ya mankhwala, nawonso amagwa m'mowa kapena m'mapiritsi. Wantchito wotere afunika njira yopezera chithandizo mwachinsinsi, msanga, asanavulaze wodwala ndiponso asanataye ntchito. Kumubisa kumaika odwala pangozi, ndipo kungomusamutsira ku chipatala china cha kutali kumangosamutsa vutolo.

Mankhwala a kutopa kotere ndi odziwika. Antchito a pa chipatala chimodzi azikhala pansi kamodzi pa mwezi kukambirana odwala amene awavuta. Tchuthi chiziperekedwa pa nthawi yake, ndipo pazikhala wolowa m'malo. Nyumba ya wantchito ikhale yosadontha. Amene wagwira bwino ntchito ya matenda a maganizo aziganiziridwa pa maphunziro ndi pa kukwezedwa monga anzake a mbali zina. Pajatu akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

CHITHANDIZO CHOFANANA KWA ONSE

Pa msonkhano wa ku Alma-Ata mu 1978 maiko anagwirizana kuti chithandizo choyamba cha zaumoyo chizifika kwa munthu aliyense kufupi ndi kumene amakhala. Pa nkhani ya mowa ndi chamba, lonjezo limeneli silinakwaniritsidwe mofanana. Munthu wa m'tauni amene ali ndi ndalama akhoza kupeza phungu, kugonekedwa pamalo othandizira kuleka mowa, ndi kubwerera kukaonedwa mwezi ndi mwezi. Mlimi wa kumudzi ayenera kupeza ndalama ya ulendo ya anthu awiri kapena atatu, pakuti wodwala wosokonezeka sayenda yekha, ndipo womudikirira amasiya munda nthawi ya dzinja. Zipatala za boma sizilipiritsa, koma m'madera ena chipatala chapafupi ndi cha mishoni, kumene kawirikawiri pamafunika kulipira. Mabanja ambiri akawerengera zonsezi amangomumanga wodwala m'nyumba.

Kusiyana kwina ndi kwa amuna ndi akazi. Mwamuna woledzera anthu amamuseka, koma mkazi woledzera amamunyoza, ndipo chifukwa cha ichi mkazi amabisa kumwa kwake ngakhale kwa namwino wa ku sikelo. Palibe muyeso wa mowa umene umadziwika kuti ndi wabwino kwa mayi woyembekezera, kotero funso la mowa liyenera kufunsidwa kwa mayi aliyense, m'chipinda, popanda ena kumva. Akazi ndiwonso amasenza mavuto a kumwa kwa amuna awo, monga kumenyedwa, njala ndi matenda opatsirana pogonana. Wantchito amene wamanga bala la mayi wotere afunika kudziwa kumene angamutumize, monga ku ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa kapena ku ofesi yosamalira anthu.

Achinyamata nawo amaopa kuima pa mzere umodzi ndi makolo awo ndi aphunzitsi awo. Ambiri amaganiza kuti akaulula za chamba, a chipatala akawanenera ku polisi. Ayenera kudziwa kuti wantchito wa zaumoyo ali ndi udindo wosunga chinsinsi cha wodwala, ndipo ntchito yake ndi kuchiza. Tsiku kapena chipinda chapadera cha achinyamata chimathandiza kuti afike nthenda isanakule.

Chinenero nacho ndi nkhani. Mabuku ambiri a malangizo analembedwa m'Chingerezi, ndipo miyeso ya mowa imene ili m'menemo ndi ya mabotolo a m'sitolo. Wantchito wa kumudzi afunika mafunso ndi zithunzi za m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi zinenero zina, zofotokoza mowa umene anthu amamwadi, ndiwo kachasu, masese ndi chibuku, m'mabotolo ndi m'zipanda zimene amamweramo. Wodwala wosadziwa kuwerenga ayenera kumva malangizo omwewo amene wophunzira amamva.

Chotsiriza ndi mankhwala ndi galimoto. Diazepam ndi vitamini B1 ndi mankhwala otsika mtengo, koma akasowa m'kabati luso la wantchito limapita pachabe. Galimoto ya paboma ikasowa mafuta, ulendo woyendera odwala maganizo ndiwo umayamba kulephereka. Nthenda yosalembedwa m'kaundula silandira gawo lake pokonza ndondomeko ya chuma, choncho wantchito amene walemba kuti bala ili labwera chifukwa cha mowa wathandiza boma lake lonse kuona kukula kwa vutoli.

MBALI YA ANTHU A M'MUDZI

Anthu a m'mudzi ali ndi zambiri zimene angachite, ndipo zambiri mwa izo sizifuna ndalama. Choyamba ndi kunena zoona. Wobweretsa wodwala ku chipatala anene poyera kwa dokotala ngati wodwalayo amamwa tsiku ndi tsiku, mtundu wa mowa umene amamwa, ndi tsiku limene anamwa komaliza. Mawu ochepa amenewa akhoza kupulumutsa moyo pa tsiku lachitatu. Munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka ndipo wafuna kuleka ayambe wafika ku chipatala, kuti aleke moyang'aniridwa. Woledzera amene wakomoka agonekedwe chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, ndipo ngati sakudzuka atengeredwe ku chipatala msanga. Amene wayamba kusaona bwino, kupweteka m'mimba ndi kupuma movutika atamwa mowa wosadziwika bwino athamangitsidwe ku chipatala nthawi yomweyo, pamodzi ndi onse amene anamwa naye, pakuti mowa wina umasakanizidwa ndi mankhwala akupha amene amachititsa khungu.

Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi komiti yoyang'anira chipatala zili ndi mphamvu yofunsa mafunso. Zikhoza kufunsa ngati pa chipatala pali wantchito amene anaphunzira za mowa ndi matenda a maganizo, tsiku limene namwino wa paboma amabwera, ndi ngati mankhwala ofunika alipo. Mayankho akakhala osakhutiritsa, nkhaniyo ipite ku komiti ya chitukuko ya dera ndi ku ofesi ya zaumoyo ya paboma. Makomiti omwewo akhoza kuona kuti wantchito wa usiku ali ndi mlonda, ndiponso kuti amuna angapo odalirika okhala pafupi akhoza kuitanidwa kukabwera wodwala wolusa.

Mafumu ali ndi udindo woona kuti mowa sukugulitsidwa kwa ana osakwana zaka 18, monga lamulo linenera, ndi kuti malo omwera mowa sakutsegulidwa m'mawa anthu asanapite ku munda. Mfumu ikaima pambali pa mlangizi wa zaumoyo pa msonkhano wa mudzi, mawu a mlangiziyo amalemera. Ndi bwinonso kukumbukira kuti amayi ambiri amaphika kachasu kuti apeze fizi ya ana ndi ndalama ya feteleza. Magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama m'mudzi akawathandiza kuyamba malonda ena, ntchito ya chipatala imapepuka.

Mipingo ndi mizikiti ikhoza kupereka chipinda chokumaniramo anthu amene akuyesa kuleka. Nzeru yakuti anthu ovutika ndi mowa azithandizana okhaokha inatchuka ndi gulu la Alcoholics Anonymous, limene linayamba mu 1935 ku Akron, m'dziko la America, pamene amuna awiri ogwidwa ndi mowa anaona kuti kukambirana kumawathandiza kukhala osamwa. Munthu amene wakhala zaka ziwiri kapena zitatu osamwa ndi mthandizi wamkulu wa namwino, chifukwa mnzake amamukhulupirira kuposa wina aliyense. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana, ndipo mtsogoleri wa chipembedzo wanzeru amatumiza wodwala wonjenjemera ku chipatala tsiku lomwelo.

Wodwala amene wabwerako ku Zomba kapena ku chipatala cha paboma afunika kulandiridwa, kupatsidwa ntchito ya pakhomo ndi ya kumunda, ndi kukumbutsidwa tsiku lobwerera ku chipatala limene lalembedwa m'kabuku kake. Mlangizi wa zaumoyo adziwitsidwe sabata yomweyo kuti munthuyo wafika, kuti amuyendere. Akagwanso m'mowa kapena m'chamba, abale asachite manyazi kubwerera naye kwa dokotala yemweyo, pakuti ambiri mwa amene analeka kotheratu anayamba agwa kangapo. Ndipo pa msonkhano wotsatira wa komiti ya chipatala, wina aimirire ndi kufunsa antchito a pamalopo chimene akusowa kuti agwire bwino ntchito imeneyi, ndipo yankho lawo lilembedwe ndi kutumizidwa paboma.